Bambo Kaliwo Sanali Ofatsa

Lamulungu lapitali, pa mwambo wokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni Bambo Venansio Kaliwo, ndinatuluka m'holo anthu asanayambe kudya. Chinanditulutsa ndi mawu a wapampando wa gulu lathu la Amalawi kuno ku Dublin, a Mwale. Anaimirira atavala suti yawo yabuluu, maikolofoni ataigwira ndi manja awiri, n'kunena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, tate wa tonse, wokonda mtendere. Anthu ankangogwedeza mitu. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Zoonadi, zoonadi."

Bodza lenileni. Bambo Kaliwo sanafatsepo ngakhale tsiku limodzi. Ankakangana ndi wailesi, ndi madalaivala a basi, ndi eni agalu m'paki, ndipo anatha zaka zitatu osawapatsa moni a Mwale omwewo. Maliro timasambitsa, inde, koma kusambitsa munthu mpaka kumufufuta nkhope ndi chipongwe. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe za bambo amene ine ndinkawadziwa, ndi lilime lawo lomwe.

Ndinakumana nawo chaka changa choyamba kuno, ndili pasukulu, ndikukhala m'kachipinda ku Finglas. Titatuluka Misa, bambo wina wamtali, wowonda ngati nsungwi, wa imvi mutu wonse, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anali atavala kabudula wofiira ndi jekete lachikasu. Anandifunsa mfunda wanga, ndinawauza kuti ndine Nachisale.

"Nachisale, masitepe asanu okha apa, koma mukupuma ngati mwasenza thumba la chimanga kuchokera kuchigayo. Zaka zanu ndi zingati?"

"Thirty-four, bambo."

"Ine ndili nazo zimenezo kawiri. Loweruka half seven tipezane pamlatho wa ku Tolka. Mubwere ndi nsapato iliyonse yopanda gogoda."

Ndinapita chifukwa choopa kukanira munthu wamkulu. Tinathamanga limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Za ine zathera pamenepa.

M'nyengo yozizira nkhani yawo inali imodzi yokha, kutukwana mvula. Koma sama, nyengo yotentha ya kuno, ikafika, masiku akatalika, udzu wa m'paki ukametedwa n'kuyamba kununkhira, mutu wawo unkatseguka ngati mpopi. Ankati munthu amene sangathe kulankhula akuthamanga ndiye kuti akuthamanga mopitirira msinkhu wake. Koma poti ankalankhula okha kuyambira pamlatho mpaka kubwerera pamlatho, ine sindinapeze mpata woyesa lamulolo. Nkhani zawo za m'sama zinali mipikisano yothamanga, njinga, baseball ndi nyimbo za rock, ndipo ankadumpha kuchoka pa ina kupita pa ina osapuma.

Za mipikisano ankati aliyense amakhala munthu wabwino poyambira. Khalidwe la munthu limaonekera pa kilomita yachisanu ndi chiwiri, pamene miyendo yayamba kupempha chikhululukiro koma komalizira sikukuoneka. Ankadana ndi anthu ogula nsapato zonyezimira amene akafika pachitunda amayamba kuyenda n'kumadzijambula ndi foni. Akamadutsa munthu wotero sankamunong'onezera, ankamuuza mokweza kuti nsapatozo akapatse wina wozifuna. Kangapo konse ndinkatsalira m'mbuyo dala kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi.

Mwezi wa Julaye ukafika, masabata atatu athunthu sankayankha foni masana, chifukwa pa TV pankakhala mpikisano waukulu wa njinga wa ku France. Opambana analibe nawo ntchito. Iwo ankakonda aja amene ntchito yawo ndi kutsalira m'mbuyo kukatenga mabotolo a madzi, kuwalowetsa m'malaya, n'kupalasa mwamphamvu kuti akapatse mkulu wa timu, kenako n'kumutchinga ku mphepo mpaka iwo eni atatheratu. Ankati amenewo ndiwo anthu a mtundu wawo. Zaka zoposa makumi atatu anagwira ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala china chakumadzulo kwa mzindawu, ndipo ankati wodwala akachira amathokoza dokotala, wokankha bedi sakumbukiridwa ngakhale utoto wa malaya ake. Kuntchitoko ankapita panjinga yawo yachitsulo yobiriwira, kutsata ngalande, mvula kaya chipale.

Baseball anaiphunzira ali mnyamata ku sekondale ya mishoni ku Dedza, kwa mphunzitsi wina wa ku America. Ndodo yomenyera inali mpini wa khasu, mpira unali masokosi akale osokedwa ndi ulusi wa matumba. Ine masewerowo ndinkawaona ngati a anthu aulesi: wina aponya, wina amenya kapena aphonya, ena onse angoima n'kumadikira. Ndikatero ankapsa mtima. Ankati ndi masewero okhawo onena zoona, chifukwa ngakhale katswiri weniweni amaphonya kambiri kuposa mmene amamenyera, komabe mawa amabweranso n'kuima pamalo omwewo osachita manyazi. Lamulungu masana ankapalasa ulendo wautali kupita kupaki ina kumene kagulu ka anthu a ku Venezuela, a ku America ndi Maairishi ochepa kamasewera. Ankakhala paudzu n'kumakonza woimbira masewero mokweza mawu. Tsiku lina anawapempha kuti achoke. Sabata yotsatira anapitanso, atanyamula buku la malamulo.

Nyimbo za rock anasiyiridwa ndi mphunzitsi yemweyo, mbale zisanu zokandikakandika. Pa nthawi imene boma la kwathu linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, iwo analisunga. Anyamata a chipani anawagwira padepoti ku Limbe n'kuwameta mbali imodzi ya mutu anthu akuonerera. Nkhani imeneyi ankaifotokoza osaseka. Ankati rock ndi nyimbo za munthu amene wauzidwa kuti akhale chete kwa nthawi yaitali, ndipo tsiku lina wapeza gitala ndi magetsi. Ansembe a pamishoni ndiwo anawatumiza kuno kuti adzaphunzire za ubulazala. Pasanathe zaka ziwiri anakangana ndi mkulu wa nyumba ya abulazala pa nkhani ya wailesi imene ankaibisa pansi pa bedi, n'kutuluka. Misa sanaisiye mpaka imfa yawo, koma ankakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo.

Anthu athu sankawakonda. Ndilembe poyera chifukwa Lamulungu lija panalibe wolimba mtima woti anene. Ankawatchula kuti agogo a kabudula. Ena ankati ndi mzungu wakuda. Amayi a kwaya ankadandaula kuti munthu wa imvi akuonetsa mawondo pamaso pa ana. Koma m'bale wa munthu akagonekedwa m'chipatala, foni yoyamba inkapita kwa Bambo Kaliwo, poti iwo ankadziwa khomo lililonse ndi nesi aliyense. Ankafika, n'kukhala pambali pa bedi, n'kumasulira zonena madokotala, n'kukalipira achibale kuti asiye kulira pamutu pa munthu wamoyo. Wodwalayo akatuluka, dzina la agogo a kabudula linkabwereranso.

Mkangano wawo ndi a Mwale unayambira pa phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu, m'holo ina ku Tyrrelstown. Poti iwo ndiwo anali wamkulu pa tonse, anapemphedwa kuti atsegule mwambo ndi mawu ochepa. Ananyamuka, n'kupita kwa woimba nyimbo, n'kumupatsa sidi. Gitala itang'amba m'masipika, makanda anayamba kulira. A Mwale anathamanga n'kuzula chingwe pakhoma.

"Bambo, pano pali ana ndi azibusa. Nyimbo za ziwanda ngati izi ayi."

"Ziwanda? Inu a Mwale, nthawi imene ine ankandimeta ndi lezala chifukwa cha nyimbo zimenezi, inu munali kuti?"

"Ndinali ndisanabadwe, bambo."

"Ndiye ufulu mukukondwererawu mukuudziwa kukoma kwake? Mwazula chingwe ndendende mmene ankazulira iwo aja. Kungoti inu mwavala tayi."

Anatenga sidi yawo, n'kukwera njinga, n'kumapita. Sanabwerenso ku phwando lililonse la gulu.

Sindikufuna kuwasandutsa woyera mtima, chifukwa ndikatero ndifanana ndi a Mwale. Lilime lawo linkapweteka ngakhale anthu amene ankawakonda. Mkazi wawo anamwalira ine ndisanafike kuno, ndipo anatsala ndi mwana mmodzi, Mphatso, wobadwira konkuno, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limene Mphatso ankalandira digiri, bambo ake anafika mwambo uli pakati, thukuta lili kamukamu, nambala ya mpikisano idakali pachifuwa. Ankaganiza kuti akhoza kuchita zonse ziwiri m'mawa umodzi. Dzina la mwana wawo linali litaitanidwa kale. Mphatso anakhala miyezi isanu osawalankhula. Tikuthamanga m'mbali mwa mtsinje anandiuza kuti analakwa.

"Ndiye mukamuuze mwini wakeyo, bambo. Ine si Mphatso."

"Akudziwa."

"Akudziwa bwanji inu osanena?"

"Nachisale, sungani mpweyawo, kutsogoloku kuli chitunda."

Sanakamuuze. Mpaka lero ndimawakwiyira pa chimenechi, ndipo sindingathenso kuwakalipira. Inenso anandilasapo. Pa mpikisano wanga wachiwiri ndinaima panjira, m'mimba mutandipotokola. Iwo atandipeza anandifunsa, anthu akumva, ngati chandiimitsa ndi miyendo kapena ulesi wobadwa nawo. Ndinakhala mwezi wathunthu osapita kumlatho. Sanaimbe foni. Tsiku lina m'mawa ndinangopeza pakhomo panga kapepala ka pulasitiki, m'kati muli masokosi atsopano othamangira. Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo sikunali kokwanira, koma ndinapita.

Anamwalira m'mwezi wa Juni, cha m'ma three koloko masana, dzuwa likuwala bwinobwino. Ankachokera ku Blanchardstown kukaona mnzawo wakale wa kuntchito amene ankadwala. Pamphambano ina ku Finglas, mtunda wosakwana mphindi zisanu kuti afike kwawo, vani yoyera inakhotera kumanzere modula njira ya njinga. Anali atavala jekete lawo lachikasu ndi chisoti. Woyendetsa vaniyo anauza apolisi kuti sanawaone. Munthu wamtali chotero, wovala chikasu, masana dzuwa lili pamutu, akuti sanawaone. Nkhaniyo idakali kukhoti, ndipo vani ngati imeneyo ndimakumana nazo makumi tsiku lililonse, oyendetsa ena maso ali pafoni.

Thupi lisanazizire, pagulu lathu la pafoni mauthenga anayamba. Wina analemba mawu achipepeso, pansi pake n'kuwonjezera kuti komanso munthu wamkulu ngati ameneyu ankafunanji panjinga. Wina anafunsa chifukwa chake mwana wawo sanawagulire kagalimoto. Winanso anati tiphunzirepo kanthu, ukalamba umafuna kukhala pansi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za woyendetsa vani. Ndinatuluka m'gulumo tsiku lomwelo ndipo sindinabwerere.

Koma ngati pali tsiku limodzi loti munthu awadziwire Bambo Kaliwo, ndi Loweruka lina la mu Ogasiti, zaka zitatu asanamwalire.

Kalabu ina yaing'ono ya othamanga, m'kamudzi kakumpoto kwa mzindawu, inkakonza mpikisano wa makilomita khumi chaka chilichonse. Iwo anali atathamangako kasanu. Chaka chimenecho anali atalowa m'gulu la opitirira zaka seventy, ndipo anakonzekera kuyambira mu Malichi. Anasiya shuga, anasiya ngakhale mowa wawo umodzi wa Lachisanu. Ine bondo linali litatupa, choncho ndinangopita kukawasungira njinga ndi chikwama pamalo omalizira.

Ndinawaona akutulukira pakona, mutu uli m'mwamba, miyendo yaitali ija ikudya msewu. Panalibe wa imvi aliyense patsogolo pawo. Patapita mphindi yathunthu ndi pamene anafika wachiwiri wa gulu lawo, bambo wina wofiira nkhope dzina lake Declan, membala wa kalabu yomweyo, amene ankapambana gulu limenelo kawirikawiri.

Mphoto zinkaperekedwa m'holo ya mudziwo, anthu akumwa tiyi ndi masangweji. Bambo Kaliwo anasintha malaya, anapesa ndi tsitsi lomwe. Woulutsa atafika pa gulu la opitirira seventy anaitana dzina la Declan. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaganiza kuti ndamva molakwa. Bambo Kaliwo anaika kapu ya tiyi pawindo n'kupita kutebulo kumene kunakhala mkulu wa mpikisanowo ndi mapepala ake. Ndinawatsatira. Zonse zinalankhulidwa m'Chingerezi, koma ndikuzikumbuka bwino.

Mkuluyo anati makina a pamalo otembenukira, pakati pa ulendo, sanawerenge nambala yawo. Anati palinso wina amene akuganiza kuti anaona munthu akudutsa kanjira kachidule ka kuseri kwa famu.

"Munthu wake wotani?" anafunsa Bambo Kaliwo.

"Sananene bwinobwino. Koma mumvetse, bambo, nthawi imeneyi pa msinkhu wanu ndi yodabwitsa, ndipo ife sitikukudziwani."

"Ndathamanga msewu wanu uno kasanu."

"Anthu amabwera ambiri."

M'holo monsemo munthu wakuda wa imvi anali mmodzi yekha, chaka chimenecho ndi zaka zonse zam'mbuyo. Bambo Kaliwo anatembenuka n'kuyang'ana Declan, amene anaima chapafupi chikho chili m'manja.

"Bwana, ndinakudutsani patchalitchi paja, pa kilomita seven. Ndinakuuzani kuti limbani, chitunda chatsala chimodzi. Munandiyankha. Auzeni awa."

Declan anayang'ana chikho. Anayang'ana anzake a kalabu. Kenako anati anali atatopa kwambiri ndipo sakukumbuka bwino amene anamudutsa.

Ndinadikira kuti denga lisasuke. Ndinkawadziwa, ndinali nditawaonapo akukalipira dalaivala wa basi mpaka okwera onse kutsika. Koma sanakweze mawu. Anagwada pakati pa holo, n'kumasula zingwe za nsapato, n'kuzimanganso molimba, mwendo uno kenako uwo. Ataimirira anauza mkulu uja kuti akwere galimoto yake awatsatire, aone yekha ngati akudziwa njira. Mkuluyo anaseka mwamanyazi n'kunena kuti zimenezo sizisintha kanthu.

"Nachisale, tengani njinga yanga. Muyatse wotchi."

"Bambo, mwangomaliza kumene. Kunja kwatentha. Tiyeni tizipita, tikalemba kalata."

"Ndati muyatse wotchi."

Nthawi inali itakwana twelve koloko. Msewu unali utatsegulidwa, magalimoto akudutsa, anyamata a kalabu akuzula zikwangwani n'kumaponya m'ngolo. Bambo Kaliwo anaima pamzera woyambira, okha, n'kunyamuka. Ine pambuyo panjinga yaitali yoti miyendo yanga sinkafika bwino, bondo likubaya. Kwa nthawi yoyamba chidziwireni, anathamanga osalankhula. Ndinkangomva nsapato ndi mpweya. Titafika pa kanjira kachidule kaja sanakayang'ane n'komwe. Pamalo otembenukira panali patatsala mtengo wa chikwangwani, anaumenya ndi chikhatho mwamphamvu mpaka unapendama, n'kutembenuka.

Atangopitirira kilomita yachisanu ndi chimodzi anaima n'kusanza m'mbali mwa msewu. Ndinatsika panjinga ndikulira.

"Bambo, chonde, mufera pamsewu pano chifukwa cha kachikho ka pulasitiki? Ndikamuuza chiyani Mphatso?"

Anapukuta pakamwa ndi malaya n'kupitiriza. Titafika patchalitchi analoza pansi ndi chala, n'kunena mawu amodzi okha paulendo wonsewo: "Apa."

Pamene tinkafika komalizira, chipata chokongoletsedwa cholowerapo othamanga chinali chitaphwasulidwa. Holo inali yokiya. Pabwalo loimika magalimoto panalibe galimoto ndi imodzi yomwe, panangotsala mayi wina amene ankatola makapu a mapepala m'thumba lakuda. Anatiyang'ana modabwa, n'kupita kukatenga botolo la madzi m'chikwama chake. Bambo Kaliwo anakhala pansi m'mphepete mwa msewu. Ndinawauza nthawi, inali yochedwerapo ndi mphindi khumi ndi imodzi poyerekeza ndi ya m'mawa. Sanamve. Misozi inkatsika, koma sinali ya chisoni.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukankha amayi awo ndi abambo awo m'makonde a chipatala," anatero. "Ena ndinawagwira dzanja akutsirizika, ana awo ali kutali. Lero akuti sakundidziwa."

Kuthamanga kwachiwiriko sikunatsimikizire aliyense chilichonse, chifukwa panalibe woonerera. Anadwala masabata awiri. Ndinawakalipira kuti anachita zopusa, iwo anavomera kuti zinalidi zopusa, n'kunena kuti atapatsidwanso tsikulo akhoza kubwereza. Nkhaniyi itafika kwa anthu athu, a Mwale anati bambowo akanangozisiya, kuno tili kwa eni ake, tisamadzionetsere. Munthu amene anafika m'dziko lino a Mwale asanaphunzire kuyenda, amene anaika mkazi wake m'dothi la kuno, ankauzidwa kuti akhale ngati mlendo wa dzulo.

Patatha sabata, Declan anagogoda pakhomo pawo, chikho chili m'jumbo. Ine ndinalipo, ndinali nditawapititsira mankhwala. Bamboyo anavula chipewa, n'kunena kuti akukumbuka zonse, ngakhale mawu amene anauzidwa patchalitchi paja, ndipo chiyambire tsiku limenelo tulo sakutipeza. Anatambasula dzanja kuti apereke jumboyo. Bambo Kaliwo sanailandire.

"Munalandira pa maikolofoni, anthu akuomba m'manja. Mukabweze pa maikolofoni. Pakhomo panga si potayira zinthu zimene zikukuotchani m'manja."

Anatseka chitseko. Ndinawauza kuti achita nkhanza, munthu wadzichepetsa. Anati kudzichepetsa kwa kuseri n'kosavuta.

Declan analembera kalabu yake, ndipo anamuyankha kuti zotsatira zikatsekedwa sizisinthidwa. Chaka chotsatira, pa nthawi ya mphoto, anapempha maikolofoni n'kunena pamaso pa anthu a m'mudzi wake kuti chikho cha chaka chatha sichinali chake, kuti anadutsidwa patchalitchi, ndipo ananama chifukwa cha mantha ndi dyera. Anachisiya patebulo n'kutuluka. Bambo Kaliwo kunalibe, anali atalumbira kuti sadzapondanso kumeneko. Anamva kwa ine. Anangoti, "Wachedwa," kenako anandifunsa ngati ndili ndi nambala yake.

Kuyambira sama imeneyo tinkathamanga atatu. Awiriwo ankakangana njira yonse, Declan akuti masewero a ndodo a kuno ndi achangu kuposa baseball, iwo akuti changu ndi cha anthu osaganiza. Pa maliro, Declan ananyamula nawo bokosi, kutsogolo kumanja. Koma mukafufuza zotsatira za mpikisano uja pa intaneti lero, dzina la Venansio Kaliwo lili pansi penipeni, lopanda nthawi, pambali pake pali zilembo zosonyeza kuti anachotsedwa chifukwa chophwanya malamulo. Ndalemba makalata anayi. Awiri sanayankhidwe.

Mwezi wathawu Mphatso anagulitsa nyumba ya ku Finglas. Tsiku lokapereka makiyi anandipempha kuti ndimuperekeze. Opaka utoto anali atamaliza dzulo lake, ndipo nyumba yonse inkanunkha penti. Makoma onse oyera, pansi popanda kapeti, mawu athu akubwerera okha. M'chipinda chochezera munatsala mawaya awiri otuluka pakhoma, opanda cholumikiza. Kukhitchini kabati inali yotsegula, m'kati mopanda ngakhale supuni. Kuseri, udzu unali utafika m'mawondo, ndipo chingwe choyanikira zovala chinali lende, chopanda kanthu.

M'kakhonde kolowera, pamene ankakoleka njinga, zitsulo ziwiri zokolekerapo anazizula, mabowo n'kuwamata. Mizere yakuda imene matayala anasiya pakhoma inali itakwiririka yonse. Ntchito ya tsiku limodzi. Koma pafelemu ya chitseko, cha m'munsi, matabwa anali okumbika, pamene chopondera cha njinga chinkagunda polowa ndi potuluka kwa zaka zonsezo. Mphatso anati amayi ake ankakalipa tsiku lililonse chifukwa cha malo amenewo, ndipo bambo ake ankayankha kuti wolakwa ndi amene anamanga khomo lopapatiza. Penti inalowamo koma sinadzaze. Ndinawerama n'kuikamo chala, chinalowa mpaka pa mfundo yoyamba. Panja munthu wa kampani yogulitsa nyumba, amene ankadikira makiyi, anali ataliza kale hutala kawiri.